Mtondo Wanga Pansi pa Giyabokosi

Malemu amuna anga anali dalaivala wa a zankhalango. Atawasamutsa ku Ntcheu kuti akagwire ntchito ku Chitipa, tinapatsidwa nyumba ku Misuku, m'munsi mwa nkhalango ya Mughese. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi. Ine ndinanyamula ana, mphasa, mapoto ndi mtondo wanga.

Mtondowo unali wa muwanga, wolemera ngati munthu wamkulu. Anandisemetsera ndi mayi anga nditangokwatiwa. Kuchokera pa Karonga tinakwera lole, ndipo njira yonse ndinaukumbatira kuti usagubuduke, ana n'kumagwirana okhaokha. Kumalo achilendo kuja, kumene ngakhale moni ndinachita kuphunzira, chinthu chakwathu chenicheni chinali chomwecho.

Galimoto imene bambo a ana ankayendetsa inali ija yokoka ndi mateyala onse anayi, yobiriwira, ya tenti kumbuyo. Pambali pa giya ya masiku onse inali ndi kandodo kena kakafupi, kamutu wofiira. Akakoka kandodoko galimoto inkalira kwambiri koma n'kumayenda ngati nkhono, ndipo inkakwera paliponse. Chaka china, mvula ili pafupi, kandodoko kanayamba kudumpha kokha pakati pa chitunda. Popanda iko galimoto sikanatha kutuluka m'mapiri a Misuku kupita ku galaja. Ndiye kuboma kunabwera uthenga wakuti achotse chovutacho, achitumize pa lole ya khofi.

Bambo anandifotokozera motere. Pansi pa galimoto pali mabokosi awiri achitsulo omangidwa pamodzi. Kutsogolo kuli giyabokosi. Kumbuyo kwake kuli lina logawa mphamvu kumateyala akutsogolo ndi akumbuyo. Iwo ankalitchula kuti tiransifa, ine ndinkangoti kabokosi. Ntchito inali yolekanitsa ziwirizi.

"Munayamba mwachotsapo?" ndinawafunsa.

"Ndinaonerera akuchotsa, mayi. Kuonerera n'kuphunzira komwe."

Anaitana mnansi wathu, bambo wa komweko wolima khofi amenenso ankakonza njinga. Anthu onse ankangowatchula kuti a fundi. Awiriwo anakumba dzenje pabwalo pathu, lofika m'chiuno, n'kuimika galimoto pamwamba pake, mateyala uku ndi uku, miyala atatsekera. Anachotsa mpando ndi malata apansi. Anamasula zitsulo zazitali zopita kumateyala, chigubu cha handibuleki, kandodo kofiira kaja. Oyilo wa m'kabokosi anamutsitsira m'chitini, n'kuchotsanso chivundikiro chake chapansi. Manati ankawaponya m'mbale yanga ya ndiwo, koma imeneyo sindinadandaule.

Ndinapita kumadzi. Pobwera ndinapeza pakhonde pali bwalo lozungulira lopanda fumbi, pamene pankakhala mtondo.

"Bambo a ana, mtondo wanga uli kuti?"

Mawu anachokera pansi pa galimoto. "Uli pa ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Ya boma, mayi. Bwerani muone mmene wakhalira. Ngati anausemera zomwezi."

Ndinagwada n'kusuzumira. Mtondo wanga unali chilili m'dzenjemo, kathabwa kopapatiza katagona pakamwa pake, giyabokosi itakhazikika pakathabwapo. A fundi anandimwetulira mano onse.

"Mtondo uwu ngwankhongono chomene, mama. Kuno kulije wotere."

Bambo anati miyendo imene imagwira zonsezo kuti zisagwe ili pa kabokosi. Akamasula miyendoyo giyabokosi imatsala lende, imakoka injini, ndipo mapiko a fani akutsogolo amaluma rediyeta. Pafunika chochirikiza.

"Nanga jeke?"

"Anabwereka mnzanga wa lole, ali nayo ku Nthalire."

"Bwanji osadula chipika? Mitengo yonseyi?"

Anatulutsa mutu n'kundiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Ine ndidule mtengo ku Mughese? Ine amene ndimanyamula anthu ogwira odula mitengo?"

Analonjeza kuti kabokosi kakangochoka, chotsalacho chikhala chopepuka. Achimangirira ndi chingwe pampope wachitsulo wopingasa pazitseko, mtondo n'kutuluka. Chingwe sichikanatha kunyamula zonse ziwiri. "Dzuwa lisanalowe mukhala mukusinja," anatero.

Dzuwa linalowa. Linatulukanso, n'kulowanso. Manati onse owoneka anali m'mbale, koma kabokosi sikanasunthe ngakhale pang'ono. Ankakagwedeza, kali nji. Anakathira palafini, akuti ndi dzimbiri. Anakathira madzi otentha a m'ketulo yanga. A fundi anati panjinga chinthu chikakana amachimenya, ndiye bambo anabwera kukhitchini akupukuta m'manja.

"Mayi, tabwerekaniko munsi."

"Munsi sindikuudziwa kumene uli."

Unali pansi pa bedi, nditaukulunga m'chitenje.

Masiku amenewo ndinkakasinja kwa akazi a fundi. Anali mayi wabwino mtima koma pakamwa posatseka. Ndikangotulukira ndi dengu pamutu ankayamba.

"Monire, mama! Mtondo wagona uli ku ofesi?"

"Wagona bwino, yewo."

"Aukweza liti pantchito? Muugulire khadi, mama, poti tsopano ngwa boma."

Tinaseka, kenaka tonse awiri tinacheuka kuona ngati kuli wina kuseri kwa nthochi. Kunalibe, koma za khadi sitinazitchulenso.

Mtondo wawo unali wabwino ndithu, koma waufupi kwa ine, ndipo msana unkandiwawa. Komanso mtondo wa eni umadikira eni ake athe. Ine ndinkakonola chimanga dzuwa litakwera kale, ana akundikoka chitenje.

Tsiku lina a fundi anabwera ndi nzeru yatsopano. Anati kabokosiko kakufuna mphamvu za anthu ambiri. Anaitana amuna ochokera kumalo kopera khofi, n'kumanga chingwe pakabokosi, kuchitulutsira kumbuyo kwa galimoto. Amunawo anandanda ngati ana a sukulu pa masewera, wina n'kuyambitsa nyimbo. Bambo anaima pambali akulamula ngati sajeni.

"Kokani!"

Anakoka. Kabokosi sikanachoke. Imene inachoka ndi galimoto yonse. Handibuleki paja anali atamasula. Mateyala anakwera pamiyala ija, galimoto n'kusendera m'mbuyo, ndipo m'dzenje munamveka kulira kwa mtengo, kuti tswee.

Sindikumbuka zimene ndinakuwa. Akazi a fundi anandiuza pambuyo pake kuti anamva ali kwawo ndipo anaganiza kuti kwagwa maliro. Amuna aja anataya chingwe, ena n'kugwa chagada. Anathamangira kumbuyo kukakankha galimoto kuti ibwerere pamalo pake. Mtondo unali utapendekeka ngati munthu woledzera, koma sunagwe. Atauwongola ndinaona mng'alu waung'ono pamlomo pake, wautali ngati chala.

Madzulo ake ndinaphika, ndinapereka, koma sindinalankhule. Bambo anadya akuyang'ana m'mbale.

"Ndi mng'alu wapamwamba chabe," anatero.

Ndinawonjezera ana ndiwo.

"Muwanga susweka wamba, mayi."

Ndinatola mbale n'kupita nazo kukhitchini.

M'mawa mwake a fundi anafika ndi nkhope yoganiza. Anati usiku wonse sanagone. Chitsulo chopanda nati sichingakane chotere. Anafunsa ngati dalaivala amene ankayendetsa galimotoyo kale anachoka mokondwa.

"Anachoka akung'ung'udza," bambo anayankha.

"Basi," a fundi anatero, akugwedeza mutu. "Wamanga. Kuli munthu kuseri kwa phiri, amamasula zotere. Akufuna nkhuku yoyera pera."

Nkhuku yoyera pamudzi ponse inali yanga.

Pamenepo n'kuti mitambo itayamba kuunjikana pamwamba pa nkhalango masana alionse. Nyumba yathu inali m'munsi mwa chitunda, ndipo dzenje lija linali panjira yeniyeni ya madzi. Ndinaona m'maganizo mtondo wanga uli m'thope mpaka m'khosi, chitsulo chili pamutu, mng'alu ukumwa madzi. Ndinati ayi. Ngati sindingautulutse, ndiumange kaye.

Ndinadikira kuti amuna akhale pansi pa mtengo kumwa tiyi. Ndinatenga linya la chubu ya njinga, n'kumanga chitenje molimba, n'kutsikira m'dzenje. Munkanunkha palafini ndi thukuta. Ndinakulunga linyalo pamlomo pa mtondo, ndikuupepesa chamumtima. Podzuka ndinaiwala kuti pamwamba pali zitsulo. Ndinagunda mutu, ndinaona nyenyezi, n'kutambasula dzanja kufuna pogwira. Dzanjalo linalowa pabowo la kabokosi, pamene anachotsa chivundikiro paja. M'katimo munali chigudumu chamano chachikulu. Zala zanga zinadutsa m'mbali mwake, n'kukhudza kanthu kamakona.

Ine sukulu ndinalekezera pamene anayamba kulemba ndi inki, ndipo za galimoto sindizidziwa. Koma mbale yanga ya ndiwo inali itadzaza tinthu totere, ndipo ndinkatiyang'ana tsiku lililonse.

Ndinatuluka ndi chotupa pamphumi n'kupita pansi pa mtengo.

"Bambo a ana, nati ija mwasiya m'katimu ndi ya mbewu?"

"Nati iti?"

"M'kati mwa kabokosi, kuseri kwa chamanomano chija."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Analowa m'dzenje, a fundi pambuyo. Kenaka ndinamva mawu a bambo.

"Eya. Imeneyi ndimaidziwa. Ndimati timalizire yomweyi."

"Ine nkhayowoya kale," a fundi anatero. "Ndinanena kuti chamangidwa. Sindinanene kuti wamanga ndani."

Nkhuku yanga inapulumuka pamenepo.

Kuti afike pa natiyo anayenera kuchotsa chigudumu chija. Anamasula kachitsulo kotsekera, n'kusolola mtanda umene chinkazungulirapo, ndipo chinagwera m'manja mwa a fundi, pafupifupi kuwathyola chala. Kuseri kwake kunali manati ena, atakhala phee ngati ana obisala pa chibisalirano. Apafupi anamasuka. Koma ina inali pakona, ndipo dzanja la bambo likalowa, sipanala inkakana, sipanala ikalowa, dzanja linkakana. La a fundi linali ngati khasu.

Onse awiri anatulutsa mitu n'kuyang'ana manja anga.

"Mayi," bambo anatero ndi mawu aja ankalankhulira akafuna ndiwo zowonjezera, "tathandizani boma."

"Boma ndalibwereka kale mtondo."

"Ndiye kuti mtondowo utuluke."

Pamenepo anandigwira. Anandibweretsera ovololo yawo kuti ndisade diresi.

"Mukufuna andimange?" ndinawafunsa. Masiku amenewo mkazi kuvala thalauza unali mlandu.

"M'dzenje akuonani ndani?"

"Akazi a fundi. Akaona iwo, ndiye kuti Misuku yonse yaona."

"Nadi," anavomereza a fundi, mosakhumudwa.

Ndinalowa ndi diresi yanga yakale ndi duku. Bambo anagona chafufumimba m'galimoto, mutu utalowa pabowo la pansi, akundiunikira ndi tochi ngakhale kunali masana. A fundi anali nane m'dzenje atagwira kabokosi.

"Potokolani kumanzere, mayi."

"Kumanzere kwa ndani? Inu muli chadodolido."

"Kwanga. Ayi, kwanu. A fundi, kumanzere ndi kuti?"

"Yezgani kose, mama. Kumene ikulira ndi komweko."

Ndinayesa mbali imodzi, inakana. Ndinayesa inayo, ndikukankha sipanala ndi chikhatho monga ndimakankhira mpini wa chigayo chamanja, ndipo inati khe, n'kufewa. Ndinaimaliza ndi zala. Oyilo wotsalira ankandidonthera m'khwapa. Itatuluka ndinaipereka m'mwamba kwa bambo.

"Onjezani m'mbale."

Ndinatuluka, iwo n'kulowa. Nthawi imeneyi sanafune nyimbo kapena chingwe. Anangokagwedeza pang'ono, kabokosi kanasololoka kumbuyo mwaulemu, ngati mlendo amene wakhuta. Kanali kolemera kuposa mmene ankayembekezera, moti anakhala nako pansi onse awiri, a fundi atapanikizika kukhoma la dzenje akuitana mayi awo. Anakakwezera pathumba n'kukakokera pamthunzi.

Ndiye kunali chikondwerero. Bambo ankazungulira kabokosiko manja ali m'chiuno. Anthu odutsa ankaima, iwo n'kumafotokoza kuti chinsinsi chake chili m'kati, kuti munthu wosadziwa angakoke chaka chathunthu. A fundi anatuma uthenga kwawo, akazi awo n'kubwera ndi chindongwa, thobwa la kumeneko, m'chidebe. Ine ndinali kuseri ndikusamba m'manja ndi phulusa.

"Nanga mtondo?" ndinafunsa nditabwera.

"Tikumaliza kapu yokhayi, mayi."

Kapuyo inabala ina. Mphepo itayamba kununkha mvula m'pamene anadzuka. Anapingasa mpope pazitseko, n'kuzunguliza chingwe pansi pa giyabokosi, n'kukoka mpaka kathabwa kanamasuka. A fundi anatsika kuti akanyamule mtondo. Anangoti, "Ogo."

"N'chiyani?"

"Mama, khalani dankha pasi."

Sindinakhale. Ndinasuzumira. Mtondo wanga unali ndi oyilo mpaka pakati, wakuda bii, wonunkha ngati mazira owola. Kabokosi katachoka, giyabokosi inaweramira kumbuyo, ndipo nthawi yonse imene ankamwa chindongwa inkadontha, oyiloyo n'kumayenda pakathabwa, n'kumagwera m'kati.

"Paja munati oyilo munatsitsa," ndinatero.

Bambo anakanda m'mutu. "Ndinatsitsa wa m'kabokosi. Ndimayesa amamwera chikho chimodzi."

Bokosi lililonse linali ndi oyilo wake.

Mvula inagwa tsiku lomwelo, dzenje n'kudzaza mpaka pakamwa, achule n'kusamukiramo. Mtondo unali pakhonde. Unali wamoyo, koma ungauyandikire utatseka mphuno.

Ndinautsuka ndi madzi otentha ndi phulusa. Ndinaukwecha ndi mchenga. Ndinatikitamo masamba a mandimu, ndipo chinatuluka ndi fungo la galaja yogulitsa mandimu. Akazi a fundi anati mankhwala ake n'kusinjiramo madeya osakaniza ndi mchenga mobwerezabwereza, kuti amwe mafutawo. Ndinatulutsa munsi pansi pa bedi n'kuupereka kwa bambo.

"Uwu, munkaufuna uja."

"Ine, mayi? Mwamuna?"

"Boma linabwereka. Boma libweze mmene linapezera."

Anausenzera kuseri kwa nyumba, pakati pa nthochi, pamene sipaoneka kuchokera kunjira. Anayamba m'mamawa, atavala ovololo. Koma mtondo subisika. Posakhalitsa akazi a fundi anatulukira akupukuta manja.

"Mama, mwadwala? Kasinjidwe ako sikanu yayi. Kakuchita ngati munthu akukhoma msomali."

Anasuzumira kuseri. Bambo anaima munsi uli m'mwamba.

"Monire, dada. Mwalembedwa ntchito?"

"Ndikuyesa chabe ngati mng'alu ukupitirira."

"Yesani makora. Mutsitse ndi chiuno, osati ndi mapewa."

Anakhala pachitsa n'kuyamba kuwaphunzitsa, ndipo pofika masana amayi ena anali atabwera kudzathandiza kulangiza.

Patapita masiku ndinayesa kukonoleramo chimanga. Mphale inatuluka yoyera bwino, ufa wake wokongola. Nditaphika, ana anangonunkhiza n'kuyang'anana. Wamkulu anati m'mimba mukumupweteka, wamng'ono anati naye. Madeya ake nkhuku zinkawazungulira patali. Bambo anatema mbamu, n'kumeza, maso ali pa denga.

"Ikumveka bwanji?" ndinafunsa.

"Ili bwino, mayi. Ikutsetsereka bwino pakhosi."

Ufa sataya. Ine ndi ana tinkadya wosinjidwa kwa a fundi, ufa umenewo n'kumaphikira bambo okha m'kapoto kakang'ono. Anaudya mpaka dengu linatha, osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Akamabyukula tinkadziwa tili panja.

Kabokosi kanapita pa lole ya khofi n'kubwerako katakonzedwa. Pobwezeretsa anabwereka jeke ku sitolo ya kutali, anachita kuisenza paphewa, ndipo podutsa pakhonde sanayang'ane n'komwe kumene kunali mtondo. Mng'alu uja anaumanga okha ndi waya, mwaluso ndithu, n'kupinda nsonga zake kuti zisandibaye.

Fungo linatha pang'onopang'ono. Pofika nthawi yokolola ana anali atayambanso kudya osanunkhiza, ngakhale nsinjiro zinkaululabe. Bambo atamwalira ndinabwerera nawo mtondowo ku Ntcheu, ndipo ndikusinjiramo mpaka lero. Koma mwezi wotentha, ukakhala padzuwa nthawi yaitali, pansi pake pamatuluka thukuta lakuda pang'ono. Ndimawerama, ndimanunkhiza, n'kuwakalipirako pang'ono bambowo, kenaka ndimaukokera pamthunzi.